Malangizo Omwe Anatuluka Macheka Atafika Kale: Mbiri ya Mkangano wa Mitengo ku Sheffield

Khonsolo ya mzinda wa Plymouth ku England itagwetsa mitengo yoposa 100 usiku umodzi mu Malichi 2023, anthu ambiri anakumbukira za ku Sheffield. Mwezi womwewo, Sir Mark Lowcock, yemwe anasankhidwa kuti afufuze nkhaniyo moima payekha, anali atangotulutsa lipoti la kafukufuku wake pa mkangano wa mitengo ya mumzinda wa Sheffield, womwenso uli ku England, ndipo funso lomwe linavuta kumeneko likadali lamoyo: gulu lolangiza khonsolo pa za mitengo lili ndi mphamvu yanji ngati olangizidwawo anamanga kale mfundo?

Chiyambi chake n'chachidule. Mu 2012 khonsolo ya Sheffield inasainirana mgwirizano wa zaka 25 ndi kampani ya Amey, wa ndalama pafupifupi mapaundi 2.2 biliyoni, wokonza misewu. Mitengo ya m'mbali mwa misewu, pafupifupi 36,000, inalowa momwemo. Inayamba kugwa, ina yathanzi ndithu, mlandu wake uli woti mizu ikutukula njira za oyenda pansi. Anthu atakwiya n'kupanga bungwe lotsutsa kudula mitengo la STAG (Sheffield Tree Action Groups) mu 2015, khonsolo inakhazikitsa gulu loima palokha loti liziunika mitengo yomwe anthu okhala m'misewuyo akukana kuti idulidwe, lotchedwa Independent Tree Panel.

Pomwe zinthu zinatembenukira mpa msewu wa Rustlings Road, pa 17 Novembala 2016. Mitengo isanu ndi itatu inali pamndandanda wodulidwa. Gulu loima palokha lija linali litaiyendera kale n'kulangiza kuti isanu ndi umodzi ikhoza kupulumuka. Malangizowo khonsolo inawasunga, n'kudzawaika poyera mbandakucha wa tsiku lodulalo. Cha m'ma 5 koloko apolisi anali akugogoda m'makomo kuti anthu asunthe magalimoto awo, macheka akulira kunja kukadali mdima. Anthu atatu anamangidwa, awiri mwa iwo amayi opuma pantchito. Wofuna kuwerenga zomwe alangizi ananena anawerenga nthambi zili kale pansi. Khonsolo inapepesa pambuyo pake chifukwa cha mmene inachitira, koma chikhulupiriro chinali chitapita.

Apa maumboni amasiyana, ndipo mpofunika kuwayeza. Khonsolo inkati kudula ndi njira yomaliza, zina zonse zikakanika. Mu 2018 mbali zobisika za mgwirizano uja zitaululika, munapezeka nambala ya mitengo 17,500 yoyenera kulowedwa m'malo ndi ina. Akuluakulu anati nambalayo inali yongowerengera ndalama, osati chandamale. Otsutsa anati nchandamale basi. Lowcock anaona kuti nambalayo inali ndi mphamvu kuposa mmene khonsolo inkavomerezera, ndipo anapezanso kuti alangizi aja anasocheretsedwa pa njira zokonzera msewu popanda kudula zomwe Amey ikanalipira yokha. Chimene mapepala sangaonetse ndi mtima wa aliyense amene anasaina: ena mwina ankakhulupiriradi kuti akuteteza okalamba ndi oyenda pa njinga za olumala ku njira zokumbika. Dandaulo limenelo silinali labodza. Koma silifotokoza chifukwa chosungira lipoti mpaka usiku.

Zotsatira zake tingozidutsa: milandu kukhoti, ziletso, kukankhana ndi alonda, mpaka kudula kunaimitsidwa mu Malichi 2018 mitengo yoposa 5,000 itapita. Kenaka adani aja anakhala pamodzi mu Sheffield Street Tree Partnership, momwe muli khonsolo, Amey, STAG, bungwe loteteza mitengo la Woodland Trust ndi bungwe la zachilengedwe la m'deralo. Kusiyana kwake ndi gulu loyamba lija nkwakuti otsutsa tsopano ali nawo pa zokambirana, sakungolandira zomwe zagamulidwa. Mu Juni 2023 khonsolo inapepesa poyera kwa anthu a mumzindawo, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho lamulo lochokera mu Environment Act ya 2021 linayamba kukakamiza makhonsolo a ku England kufunsa anthu asanadule mtengo wa mumsewu.