Ogogoda pakhomo kupempha thandizo: malipiro awo sindiwo vuto

Pa zaka zimene ndakhala ndikuwerengera ndalama m'bungwe lina lothandiza anthu kuno ku England, palibe mawu amene ndatopa nawo kuposa akuti anyamata ndi atsikana ovala majekete a mabungwe, amene amaimika anthu m'misewu kapena kugogoda khomo ndi khomo, ndi akuba amene amadya okha ndalama zonse. Ndawamva mawuwa pa maliro, ndawamvanso poweruka ku tchalitchi, ndipo umboni wake umakhala umodzimodzi nthawi zonse, wakuti anthuwa amalipidwa.

Zoti amalipidwa ndi zoona, ndipo palibe amene amabisa. Lamulo la mabungwe othandiza anthu la 1992 limalamula kuti wotolera thandizo wolipidwa anene kuti akulipidwa munthu asanapereke. Ntchito yoimika anthu m'misewu kuti alembetse chopereka cha mwezi ndi mwezi inayamba ndi bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace ku Austria m'zaka za m'ma 1990, ndipo itafika ku Britain anthu sanachedwe kuipatsa dzina lonyoza lakuti chugger, kuyerekeza wotolerayo ndi wachifwamba wolanda anthu pamsewu. Azungu enieniwo sawakonda, choncho ife sitinayambitse chidanichi. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti munthu amene sadandaula kuti namwino wa pachipatala cha mishoni amalandira malipiro, amakwiya akamva kuti mwana amene waima pa mphepo tsiku lonse, anthu mazanamazana akumukana, amalandiranso kangachepe.

Wotolerayo ndalama yanu saigwira. Chimene amafuna ndi chilolezo chakuti banki yanu izitumiza ndalama mwezi ndi mwezi kudzera mu Direct Debit, ndipo ndalamayo imachoka mu akaunti yanu kupita mu akaunti ya bungwelo. Kampani imene inamulemba ntchito imalipidwa padera ndi bungwe, kawirikawiri potengera chiwerengero cha anthu amene alembetsa. Tingoyerekeza kuti bungwe lalipira mapaundi 100 chifukwa cha inu, ndipo inu mwalonjeza mapaundi 10 pamwezi. Miyezi 10 yoyambirira mukungobweza zimene bungwe linalipira, koma mukakhalabe zaka zisanu mwapereka mapaundi 600, ndipo ngati mumakhoma msonkho n'kuvomera Gift Aid, boma limawonjezera mapeni 25 pa paundi iliyonse. Mabungwe amaikonda njirayi chifukwa ndalama yodziwika kuti ibwera mwezi wamawa ndiyo imalola kulemba namwino ntchito kapena kulonjeza mudzi mjigo, pamene ndalama ya m'mbale ya tsiku limodzi sungakonzere mapulani.

Mukaona masamuwa muzindikira kuti amene amaluzitsa bungwe si wokana ayi. Wokana satengera bungwe kanthu. Amene amaliluzitsa ndi uja amasaina chifukwa cha manyazi, n'kuletsa patapita miyezi iwiri. Ndipo pa nkhani ya manyaziyi ife Amalawi tili patsogolo, chifukwa tinaleredwa kuti munthu wonena odi sabwezedwa pakhomo.

Nkhani imene imandivutitsabe ndi ya mayi wina wa kwathu, wogwira ntchito yosamalira okalamba, amene anabwera kunyumba kwanga ndi mapepala a ku banki m'jumbo atamva kuti ndimadziwa za ndalama. Titawerenga tinapeza mabungwe asanu akudula mu akaunti yawo mwezi uliwonse, ndipo miyezi ina ndalama zikaperewera banki inkawalipiritsa chindapusa, pamene kumudzi ana akudikira fizi. Nditawafunsa kuti, "Mayi, munavomereranji onsewa?" anandiyankha kuti, "Nanga mwana wa mwini wake waima pakhomo kukuzizira choncho, ndikanamubweza bwanji, achimwene?" Zimenezo ndinazimvetsa. Chimene chinandipweteka n'chakuti anakhala chete miyezi isanu ndi itatu, akuganiza kuti chimene anasaina pa tabuleti paja ndi ngongole, ndipo kuti akasiya kulipira dzina lawo liipa ku boma mpaka kuwononga mapepala awo okhalira m'dziko muno. Wina wa kuntchito kwawo ndiye anawauza bodza limenelo, ndipo iwo analikhulupirira osafunsa aliyense. Chopereka si ngongole. Direct Debit mungathe kuiletsa tsiku lililonse kudzera ku banki yanu, ngakhale pa foni, popanda kupereka chifukwa, ndipo ndi bwino kudziwitsanso bungwelo kuti lisamakutumizireni makalata ofunsa. Tinaletsa anayi madzulo omwewo, n'kusiya limodzi limene iwo analikondadi. Ndalama za miyezi isanu ndi itatu zija sizinabwerenso.

Sindikunena kuti otolerawa alibe mlandu. Ena amapatsidwa chiwerengero cha anthu oti alembetse pa sabata, ndipo wolephera ntchito imamuthera, choncho amakakamira ngakhale akuona kuti munthuyo sakufuna. Mu 2015 dziko lino linagwedezeka ndi imfa ya gogo wina wa zaka 92 wa ku Bristol, amene zinadziwika kuti ankalandira makalata ochuluka zedi opempha thandizo. Ngakhale abale ake ananena kuti mabungwe sindiwo anachititsa imfayo, mkwiyo wa anthu unachititsa kafukufuku wotsogozedwa ndi Sir Stuart Etherington, ndipo mu 2016 kunakhazikitsidwa Fundraising Regulator, ofesi yoyang'anira katoleredwe ka thandizo, kumene mungakadandaule ngati bungwe lenilenilo silinakuyankheni mokhutiritsa. Malamulo a ntchitoyi akhala akuletsa kugogoda nthawi itapitirira 9 koloko usiku, kugogoda pakhomo pamene pamatidwa chikwangwani chokana anthu otere, kutsekereza munthu njira, ndiponso kupitiriza kunyengerera munthu atanena kuti sakufuna. Mukhoza kungonena kuti ayi, zikomo, n'kutseka chitseko. Wotolera wophunzitsidwa bwino amamva mawu amenewa kambirimbiri pa tsiku ndipo sasunga nawo mangawa.

Akuba enieni alipo, koma si amene anthu amawaloza. Chenjerani ndi munthu wopanda chiphaso chokhala ndi chithunzi chake, amene sangatchule nambala imene bungwe lake linalembetsedwa nayo ku Charity Commission, ofesi ya boma yolembetsa mabungwe othandiza anthu, kapena ku ofesi inzake ya OSCR ngati muli ku Scotland, pamene nambalayo mungathe kuifufuza pa intaneti iye ali chiimire. Wolembetsa Direct Debit safuna ndalama za m'manja, safunsa PIN, ndipo sangakuuzeni kuti mutumize ndalama ku akaunti ya dzina la munthu. Otolera ndalama za m'manja ovomerezeka aliponso, koma amayenda ndi chilolezo ndi chitini chomata. Aliyense wokufulumizitsani kuti mupereke pompano, osakupatsani mpata wofufuza, muyambe mwamukayikira.

Pamenepa ndiyenera kudzudzula ife tomwe. Namondwe Freddy atawononga chigawo chakumwera mu Malichi 2023, ambiri tinatumiza ndalama mothamanga ku maakaunti a anthu amene tinangowaona m'magulu a WhatsApp, chifukwa choti anali odzipereka osalipidwa. Ambiri mwa iwo anagwira ntchito yotamandika, koma ndi angati a ife amene tinafunsa lipoti la mmene ndalamazo zinayendera? Bungwe lolembetsedwa limene timalinyoza chifukwa cholipira mnyamata wa jekete uja limakakamizidwa kusunga mabuku a ndalama chaka ndi chaka, ndipo a mabungwe akuluakulu aliyense angathe kuwawerenga pa intaneti.

Kwa inu amene mumagwira ntchito m'nyumba za okalamba, muli ndi udindo umene ena alibe. Mukapeza kalata yothokoza gogo amene mukudziwa kuti mutu wake sukugwiranso bwino chifukwa cholembetsa chopereka, musaiike m'dirowa kudikira kuti ana ake adzaione pa Khirisimasi. Dziwitsani abale ake kapena akuluakulu anu a ntchito tsiku lomwelo kuti aimbire bungwelo, chifukwa malamulo amati chopereka cha munthu amene sanali wokhoza kupanga chiganizo payekha chiyenera kubwezedwa, ndipo nkhani yotere imavuta kuilondola miyezi ikachuluka.