Bondo la mwana likatupa lokha, musalitemere mphini

Uthengawu ukupita kwa makolo a kuno kuchigwa, kuyambira ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula ndi Nsanje, makamaka inu amene muli ndi mwana wamwamuna yemwe akangochekeka pang'ono magazi amachedwa kuleka.

Matendawa dzina lake ndi hemophilia. Amene amawadwala ndi ochepa, koma alipo pakati pathu. Munthu amabadwa nawo: m'magazi mwake mumaperewera chothandiza kuti magazi aundane pabala, chomwe madokotala amachitcha factor 8 kapena factor 9. Amagwira kwambiri anyamata, kudzera mwa mayi yemwe mwiniwake amaoneka bwinobwino. N'chifukwa chake ife achipatala timafunsa za amalume a mwana, ngati alipo amene anataya magazi ambiri atazula dzino kapena atadulidwa. Pena m'banja monse simupezeka wina. Sapatsirana, ndipo si kulodzedwa.

Mwana akayamba kukwawa mumaona mawanga akuda pathupi ngati wamenyedwa. Akadziluma lilime, magazi amatha tsiku akudontha. Kenaka tsiku lina bondo kapena chigongono chatupa, chikutentha, mwana akukana kuponda pansi, chonsecho sanagwe.

Apa m'pamene pagona nkhawa yathu. Chatupitsa bondolo ndi magazi amene akukha mkati. Mukamutengera kokatema mphini kuti "magazi oipa atuluke", lezala lija latsegula mabala enanso, ndipo lililonse lidzakha osaleka. Mwana amafika kuchipatala pa kabaza, chitenje chomwe mwamanga pabondo chitanyoweratu, zikhatho zili mbuu. Tikudziwa kuti agogo amalangiza zimenezi chifukwa chokonda mdzukulu, koma kwa mwana ameneyu mphini ikhoza kupha. Mdulidwe nawonso udikire, kaya wakuchipatala kaya wakumudzi, mpaka dokotala atamuyeza ndi kukonzekera.

Musamugulire aspirin, bulufeni, diclofenac kapena indocid kuokala. Amenewa amawonjezera kukha kwa magazi. Panado yekha basi. Mugonekeni, mwendo uli pamwamba, muikepo nsalu yoviika m'madzi ozizira a mumtsuko, ndipo musatikite. Bala looneka lipsinjeni ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Mukatero nyamukani tsiku lomwelo. Akagunda mutu, ngakhale akusewera bwinobwino, musadikire kuti kuche.

Mankhwala ake ndi kubwezera chomwe chikuperewera chija kudzera mumtsempha, kapena kupereka madzi a m'magazi otchedwa plasma. Kuyeza kotsimikiza kumafuna kalata yopita kuchipatala chachikulu cha Gulupu ku Blantyre. Inu a ku East Bank ndi ku Makhanga mukudziwa mmene misewu imadukira mvula ikalimba, ndiye kayezetseni mwana kudakali kouma.

Tsono za ife ogwira ntchito kuchipatala. Mwana ameneyu sabayidwa jakisoni wapathako, chifukwa magazi amadzaza m'mnofu. Katemera amalandira ndithu, koma mosamala, n'kupsinjapo nthawi yaitali. Namwino ali ndi udindo wofunsa, wowerenga buku lachipatala ndi wolemba zomwe wachita. Akanyozera zomwe zalembedwa m'buku mwana n'kuvulala, ayenera kuyankhapo. Dandaulo limayambira kwa mkulu wa chipatala kapena kwa ombudsman (wolandira madandaulo) wapachipatala, ndipo likhoza kukafika ku Nurses and Midwives Council of Malawi ku Lilongwe, bungwe lomwe lamulo la 1995 limalipatsa mphamvu zoimitsa namwino ntchito kapena kumuchotsa m'kaundula. Kukhoti nakonso mukhoza kupita.

Koma namwino sangalote. Ambiri mumabisa kuti munayamba kwa asing'anga poopa kukalipiridwa, mwinanso buku mwalisiya kunyumba kapena linapita ndi madzi. Nenani zonse: mwatema mphini zingati, liti, mwamumwetsa chiyani. Ife sitikufuna mlandu, tikufuna kudziwa kuti magazi ataika ochuluka bwanji. Pemphani kuti mawu akuti hemophilia alembedwe ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba, buku mulisunge m'jumbo, ndipo singano isanakhudze mwana, muuzeni namwino kuti: "Mwanayu magazi ake saundana."