Musanasiye ntchito chifukwa mnyamata wa digiri akukuposani malipiro

Pa zaka zonse zimene ndakhala mu ofesi yoona za anthu ogwira ntchito, dandaulo limene ndalimva kawirikawiri ndi la munthu amene wagwira ntchito zaka khumi kapena kuposerapo, amene amalowa nkhope ili yakugwa n'kunena kuti mnyamata wobwera dzulodzuloli ndi digiri, yemwenso iye akumuphunzitsa ntchito, akulandira ndalama zambiri kumuposa. Mlungu wotsatira amabwera wa digiri amene sanapeze ntchito, kudzafunsa kuti zaka zitatu kapena zisanu zogwirapo ntchito zimene olemba ntchito akufuna akazitenga kuti popeza palibe akumulemba. Onse awiri ali ndi mfundo. Chimene chanditopetsa n'chakuti onsewa amayang'ana nambala imodzi yokha, ya ndalama zolowa kubanki pakutha pa mwezi, ngati kuti ntchito imalipira m'njira yokhayo.

Digiri siipatsa munthu luso la manja, ndipo aliyense amene anaonapo injiniya watsopano ataimirira kutsogolo kwa jenereta yozima akudziwa zimenezi. Chimene pepala limachita ndi kusankhira munthu khomo lolowera. M'boma, wa digiri amayambira pa giredi I, imene ambiri amaitchulabe kuti PO, pamene wa dipuloma amayambira pa giredi yotsikirapo ya K, ndipo makampani ambiri ali ndi makwerero awoawo ofanana ndi amenewa. Pa giredipo ndi pamene pamapachikidwa zina zonse: alawansi ya nyumba, kukula kwa ndalama za penshoni, ndiponso mtundu wa sikimu ya chipatala (inshuwalansi yolipirira thandizo la kuchipatala) imene munthu amaikidwapo. Lamulo la Employment Act la 2000 limanena kuti ntchito zolingana kulemera kwake zilipidwe mofanana, choncho ngati mukugwiradi ntchito imodzimodzi ndi mnzanuyo, lembani kalata yodandaula ndipo musunge kope lake. Kung'ung'udza pa nkhomaliro sikunakwezepo munthu giredi.

Pali bambo wina amene nkhani yake imandisowetsa mtendere mpaka lero. Anali makaniko wa majenereta ndi mapampu a madzi pa kampani ina imene ndinkagwirako, ndipo anali atakhalapo zaka 16 wopanda pepala lililonse kupatula satifiketi ya JCE. Makina ankawadziwa ndi khutu; akangomva kulira kwa injini ankanena chimene chavuta asanagwire sipanala. Kampani italemba mnyamata wa digiri kuti akhale mkulu wa gawolo, bamboyo anapwetekedwa mtima kwambiri, ndipo sindimuimba mlandu pa zimenezo. Kontirakita wina atamulonjeza malipiro okwererapo, anabweretsa kalata yosiya ntchito mlungu womwewo. Ndinamufunsa ngati kumene akupitako kuli sikimu ya chipatala, iye n'kuyankha kuti ndalama zowonjezerazo zidzakwanira kugula mankhwala. Bamboyu anali ndi matenda a shuga, ndipo kwa zaka zambiri ankapita kukayezetsa ndi kukatenga mankhwala mwezi ndi mwezi pongoonetsa khadi la sikimu.

Kumene anapitako khadi kunalibe. Miyezi yoyamba ankagula mankhwala ku famase, kenaka fizi ya ana itafika anayamba kudumphitsa, ndipo kuyezetsa anasiyiratu. Ku chipatala cha boma thandizo ndi laulere, koma ankati sangataye tsiku lonse pa mzere ali pa pulobeshoni (nthawi yoyesedwa ntchito), komanso nthawi zina mankhwala amakhala atatha. Chilonda chaching'ono chitatuluka kuphazi, anapita kwa munthu wina wogulitsa mankhwala a m'mabotolo amene ankalengeza pa chimkuzamawu kuti amachiza shuga kutheratu, ndipo anamwa zimenezo kwa milungu ingapo. Pamene ankafika kuchipatala, madokotala analibe chochita china koma kudula mwendo m'munsi mwa bondo. Umenewu unali mwezi wake wachisanu ndi chiwiri pa ntchito yatsopanoyo.

Apa ndi pamene lamulo, limene anthu ambiri amaganiza kuti lidzawateteza pa chilichonse, linamutembenukira. Tchuthi cha matenda, chimene ndi milungu 4 ya malipiro onse ndi milungu 8 ya theka la malipiro pa chaka, lamulo limachipereka kwa munthu amene wakwanitsa miyezi 12 akugwira ntchito mosalekeza pamalo amodzi. Pulobeshoni ya munthu waluso ikhoza kufika miyezi 12, ndipo mkati mwa nthawi imeneyo mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda chidziwitso. Zaka 16 zija zinatsala kwa ife, sanapite nazo. Achibale ake anabwera kudzandifunsa za chipukuta misozi, ndipo ndinayenera kuwauza kuti lamulo la chipukuta misozi cha antchito, Workers' Compensation Act, limakhudza kuvulala kapena matenda obwera chifukwa cha ntchito, osati shuga. Chimene chimandiwawa n'chakuti funso lija la sikimu ndinalifunsa kamodzi kokha, mwaulemu, n'kusayina kalatayo. Ndikanatenga pepala n'kuwerengera naye mtengo wa mankhwala ake a chaka chonse.

Anthu amasokoneza zinthu zimene lamulo limakakamiza ndi zimene bwana amapereka mwa kufuna kwake. Penshoni ndi yokakamiza: bwana amasonkha 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito amadulidwa 5 peresenti, komanso bwana ayenera kudulira wantchito inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Sikimu ya chipatala, kaya ya MASM kaya ya kampani ina, lamulo silikakamiza. Ngati sinalembedwe m'kalata ya ntchito kapena m'malamulo a kampani, ndiye kuti palibe, ngakhale bwana analonjeza akumwetulira pa intavyu. Ndipo mawu akuti pali sikimu paokha sakwanira, chifukwa muyenera kudziwa ngati mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana alowa nawo, gawo limene muzidulidwa, ndalama zimene muziwonjezera m'thumba pamene bilu yaposa malire, ndiponso miyezi imene mudikire musanathandizidwe pa matenda amene munali nawo kale kapena pa uchembere. Safunsa anadya phula. Ena amakonda kulandira ndalama m'manja m'malo mwa khadi, koma amene anasankha zimenezi anaona okha chimene chinachitikira ndalama zawo pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, poti mankhwala ambiri amachokera kunja.

Kwa amene muli ndi luso koma mulibe pepala, vuto lanu lalikulu ndi kuzengereza. Mumati mudzalemba mayeso ana akamaliza sukulu, kenaka mumati mwakula, ndipo tsiku limene kampani ichepetse antchito mudzapeza kuti luso lanu lonse likudziwika ndi anthu a pamalo amodzi okha. Mayeso a trade test alipo, ndipo TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito za manja limene linakhazikitsidwa mu 1999, ili ndi ndondomeko yoyesa munthu pa luso limene anaphunzira pogwira ntchito n'kumupatsa satifiketi. Olemba ntchito amasonkha 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la maphunziro a luso, choncho musachite manyazi kupempha kampani kuti ikuthandizeni. Amene muli ndi MSCE kapena dipuloma, mayunivesite monga MUBAS ndi Mzuni ali ndi maphunziro amene munthu angachite osasiya ntchito. A digiri nanu lekani kunyoza ntchito yoyambira kapena yophunzirira chifukwa cha kuchepa kwa alawansi. Pochoka tengani kalata yofotokoza zimene munkachita, pakuti kalata imeneyo ndi imene timawerenga tikamafuna zaka zija.

Koma chonde, pofuna pepala musagwe m'manja mwa akathyali. Musanalipire tambala ku koleji iliyonse, fufuzani ku NCHE, bungwe loona za makoleji ndi mayunivesite, ngati kolejiyo ndi yovomerezeka, ndiponso ngati maphunziro enieniwo amene mukufuna ndi ovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene pologalamu yanu siinavomerezedwe. Ndaonapo mayi atagulitsa munda kuti alipire zaka zinayi, pepala lake n'kukanidwa pa tebulo langa lomweli. Palinso amene amalonjeza pa WhatsApp dipuloma ya m'milungu iwiri, ndi ena amene amagulitsa udokotala waulemu kwa aliyense wolipira, ngati kuti ndi matemba a pa msika. Munthu wokuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa oitanidwa ku intavyu ndi wakuba, ngakhale atatchula dzina la bwana weniweni. Za asing'anga amene amapereka mankhwala otafuna polowa mu ofesi ya bwana sindifuna kutayapo nthawi.

Satifiketi yabodza ndi bomba limene munthu amadzikwirira yekha pansi pa mpando. Masiku ano timalembera ku MANEB ndi ku mayunivesite kukatsimikiza mapepala, nthawi zina patapita zaka munthu ali pa ntchito, makamaka pamene akufuna kukwezedwa. Yankho likabwera kuti dzinalo kulibe, munthuyo amachotsedwa ntchito, khadi la chipatala la banja lonse limatsekedwa, ndipo nkhaniyo ikhoza kufika ku polisi. Amene mwachotsedwa popanda chifukwa chomveka, nanunso musakhale pakhomo kudikira kuti bwana asintha maganizo, chifukwa lamulo limakupatsani miyezi itatu yokha kuchokera tsiku lochotsedwalo kuti mukadandaule ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, ndipo ndaona ambiri akufika mwezi wachisanu atanyamula mapepala onse oyenera.