Kodi Matenda a Khunyu Amapatsa Munthu Nzeru?

Mayi wina anabwera kuchipatala ndi mwana wa Sitandade 5, pamkono pali chipsera cha moto wa pamafuwa. Agogo ake ankati asiye sukulu poti mutu sugwira. Alamu a mayiyo ankati ayi, odwala khunyu amakhala anzeru zobadwa, si Julius Caesar ndi Napoleon ankagwanso? "Nanga adokotala, timvere ziti?"

Tiyambe ndi Caesar, wolamulira wa Aroma akale. Plutarch, wolemba mbiri wachigiriki amene analemba kuti mkuluyu ankagwa, sanamuonepo, chifukwa anabadwa patapita zaka pafupifupi 90 Caesar ataphedwa mu 44 BC. Mu 2015 madokotala awiri a ku London anaunikanso zolembazo, n'kunena kuti mwina inali sitiroko yaing'ono yobwerezabwereza. Za Napoleon, mfumu ya ku France, umboni wake ndi woperewera. Ndipo kukomoka kulikonse si khunyu. Makina oyezera mphamvu ya magetsi ya mu ubongo, a EEG, Hans Berger anawayesa koyamba pa munthu mu 1924, ndiye akalewa tikungowayeza ndi nkhani zam'maluwa.

Amene sitimukayika ndi Fyodor Dostoevsky, mlembi wa ku Russia. Ankalemba yekha masiku amene wagwa, ndipo ankadandaula kuti akagwa mutu umalemera, amaiwalaiwala, ntchito n'kuima masiku angapo. Mwana wake Alyosha anamwalira atakomoka mu 1878, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 3. Ine mphatso sindikuionapo pamenepa. Ndikuona munthu waluso amene ankalemba uku matenda akumubera nthawi.

Amene anafalitsa kwambiri zoti nzeru zakuya n'zapachibale ndi khunyu ndi Cesare Lombroso wa ku Italy, yemwe uja ankatinso chigawenga chimadziwika ndi kaumbidwe ka chigaza. Zonse ziwiri madokotala anazitaya kalekale.

Munthu amagwa pamene maselo a ubongo atulutsa mphamvu ya magetsi mosalongosoka kwa kanthawi. Kwathu kuno chimayambitsa kawirikawiri ndi malungo a mu ubongo, kubanika pobadwa, kuvulala m'mutu ndi mazira a njoka zam'mimba zochokera ku nkhumba. Thovu lakukamwa lija silipatsira aliyense. Bungwe loona za umoyo la WHO limati padziko lonse odwala alipo pafupifupi 50 miliyoni, ndipo 7 mwa 10 akhoza kusiya kugwa atamamwa mankhwala mwandondomeko.

Mnyamata uja tinamuyambitsa phenobarbital, mankhwala akale a mu 1912, ndipo tinawauza amayi ake kuti asamakhale yekha pamoto kapena kudambo. Kalata yopita kwa aphunzitsi ndinalemba ndekha, yoti akagwa amugoneke chammbali, asamuike supuni m'kamwa, ndipo akatsitsimuka n'kupumula, abwerere m'kalasi.