Gitala, besi ndi ng'oma basi: kumvetsera Jim Hall mu kalabu

Ophunzira anga a gitala akandifunsa chimbale choti ayambire kumvetsera jazz, ndimawapatsa Jim Hall Live! Anachijambula mu June 1975 mu kalabu ya Bourbon Street ku Toronto. Oimba alipo atatu okha: Jim Hall pa gitala, Don Thompson pa besi, Terry Clarke pa ng'oma. Piyano mulibe.

Nkhani yagona pa kusowa kwa piyanoko. M'magulu ambiri a jazz, piyano ndi imene imayala ma chord (manotsi angapo olizidwa pamodzi), wa gitala n'kumangoyenda pamwamba pake. Ikachokapo, katundu yense amagwera iye: nyimbo yeniyeniyo, ma chord, ndi zimene akupeka nthawi yomweyo, zonsezo pa nsambo 6 zomwezo. Woimba wosakhwima amaopa kukhala chete, ndiye amangodzaza paliponse mpaka makutu kulema. Hall sankatero. Amakhudza nsambo ziwiri kapena zitatu, n'kudikira, besi n'kumuyankha. M'mipata imeneyo ndi momwe mumamva kuti anthuwa akumverana.

Nanga kalabu ikubwerapo bwanji? Mu situdiyo mukalakwitsa mumabwereza, kapena amadula pomwe palakwikapo n'kulumikiza. Mu kalabu zimenezo n'zovuta. Malo ndi ochepa, oimba amakhala mothithikana, ndipo phokoso la ng'oma limalowa mu maikolofoni ya besi, la gitala nalo chimodzimodzi. Simungakonze za mmodzi osawononga za anzake. Chomwe chaimbidwa ndi chomwecho, pamodzi ndi kugundana kwa matambula, chifuwa cha munthu wa kumbuyo ndi m'manja mwa omvera. Ine phokoso limeneli ndimalikonda kwambiri, chifukwa limandiuza kukula kwa chipinda komanso kuti anthu anali pafupi bwanji ndi oimba.

Chinanso chosangalatsa n'chakuti amene anajambula chimbalechi ndi Thompson yemweyo, wa besi uja.

Mukachizolowera, funani A Night at the Vanguard cha Kenny Burrell, chojambulidwa mu 1959 mu kalabu ya Village Vanguard ku New York, ali ndi Richard Davis ndi Roy Haynes. Zida n'zomwezo, koma Burrell amapendekera kwambiri ku blues.

Ulendo woyamba valani mahedifoni, mutsatire besi yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza nyimbo. Gitala mudzaimve ulendo wachiwiri.