Pasipoti, foni ndi kapu yanu zisachoke m'manja mwanu

Ntchito yanga ndi yokonzera anthu maulendo, matikiti a ndege, ma viza, malo ogona ndi zina zotero, nde funso lomwe azimayi amandifunsa pafupipafupi akamapita kunja okha ndi lakuti, kodi dziko lakutilakuti ndi labwinobwino kwa mzimayi? Ndimayankha ndithu, koma kunena zoona funso limeneli silithandiza kwenikweni. Kulibe dziko lopanda anthu oipa, komanso maiko ambiri omwe anthu amawaopa mutha kupita n'kubwerako osaona vuto olo limodzi. Pomwe zinthu zimasokonekera nthawi zambiri ndi pamene mwapereka kwa munthu wina chinthu chomwe chimayenera kukhala m'manja mwanu, pasipoti, foni, njira yobwererera komwe mukugona, kapena chakumwa chanu. Ndipo chopweteka n'chakuti timapereka tokha, mwaulemu, tikumwetulira, chifukwa munthuyo amaoneka wabwino ndipo kumukanira kumachititsa manyazi.

Azimayi anzanga, manyazi amenewo asiyeni kunyumba. Munthu wofuna kukupwetekani sabwera atakwinya nkhope ayi, amabwera akukunyamulirani chikwama, akukuuzani kuti basi yomaliza yapita kale koma iye ali ndi galimoto panja. Mukamva mumtima kuti apa pali kenakake kolakwika, simukuyenera kupeza kaye umboni kapena kufotokozera munthu chifukwa chake, kungoti ayi zikomo n'kuchokapo basi. Akakuonani ngati wamwano, zake zimenezo, mawa simudzakumananso.

Tiyambe ndi pasipoti poti ndi pomwe pagona nkhani yaikulu. Pasipoti ndi katundu wa boma lomwe linakupatsani, si ya bwana wanu, si ya ejenti, si ya chibwenzi chomwe chakugulirani tikiti. Wapolisi kapena wa imigireshoni akhoza kuiona, a pahotela akhoza kuijambula n'kukubwezerani pompo, koma wina akati bweretsani ndikusungireni kuti isasowe, imeneyo ndi mbendera yofiira. Kumaiko a ku Gulf kuli dongosolo lija amati kafala, pomwe viza ya wantchito imamangiriridwa kwa womulemba ntchito, ndipo atsikana ambiri ochokera ku Africa ndi ku Asia omwe anapita kukagwira ntchito za m'nyumba anapezeka atsekeredwa chifukwa tsiku loyamba lomwelo pasipoti ndi foni zinalandidwa. Kulanda pasipoti ya wantchito n'koletsedwa ndi malamulo ku UAE (dziko lomwe kuli Dubai) ndi ku Qatar, koma zimachitikabe, nde musadalire lamulo lokha. Ntchito ikamveka yokoma mopitirira, malipiro ambiri, tikiti yaulere, koma kontirakiti akuti mukasainira konko, kumbukirani chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Funsani dzina la kampani, adiresi yeniyeni, mtundu wa viza, ndipo ngati akukupititsani pa viza ya mlendo akuti ya ntchito tikakonza mukafika, musakwere ndege imeneyo. Bungwe la United Nations loona za anthu osamuka, la IOM, limathandiza anthu omwe agwa m'manja mwa ozembetsa anthu kubwerera kwao, koma ndi njira yaitali komanso yowawa.

Musananyamuke jambulani tsamba la pasipoti lomwe lili ndi chithunzi chanu, viza, tikiti ndi inshuwalansi, mudzitumizire pa imelo, kopi ina ya pepala muike m'chikwama china, ina musiyire munthu mmodzi wodalirika kwanu. Onaninso deti yothera, maiko ambiri amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi 6. Kenako fufuzani ofesi ya kazembe wa dziko lanu komwe mukupitako, ndipo ngati kulibe dziwani kuti ndi embase ya m'dziko liti loyandikana yomwe imayang'anira kumeneko, mulembe nambala yake papepala osati mufoni mokha. Pasipoti ikasowa ndi iwowo omwe amakupatsani chikalata chobwererera. Komanso pali pangano la ku Vienna la mu 1963 lomwe limati mlendo akamangidwa ali ndi ufulu woti kazembe wa dziko lake adziwitsidwe, nde zikakuvutani nenani zimenezo mobwerezabwereza, ndipo musasaine pepala lolembedwa m'chilankhulo chomwe simukuchimva.

Nkhani ya kumangidwa yandikumbutsa za katundu wa anthu. Kaphukusi kakang'ono, "mukangomupatsira mchemwali wanga akakudikirani pa eyapoti", ayi. Olo akhale munthu wa kutchalitchi kwanu, tsegulani muone chilichonse kapena kanani. Ozembetsa mankhwala ozunguza bongo amakonda kugwiritsa ntchito azimayi, ena kudzera m'chikondi cha pa intaneti, ndipo ku Singapore kupezeka ndi heroin wopitirira magalamu 15 chilango chake ndi imfa. Mankhwala anu enieni nawo samalani, omwe kwanu ndi wamba kwina ndi mlandu. Mu 2017 mayi wina wa ku Britain anagamulidwa zaka zitatu kundende ku Egypt atapezeka ndi mapilisi opha ululu a tramadol pafupifupi 300 musutikesi, ndipo codeine, yemwenso ndi wopha ululu, ku UAE salowa chisawawa. Nyamulani mankhwala m'paketi yake ndi kalata ya dokotala.

Maola oyamba mukangotsika ndege ndi omwe ndimawaopa kwambiri, mwatopa, foni ilibe netiweki, ndalama za kumeneko simukuzidziwa, ndipo aliyense akuona kuti ndinu mlendo. N'chifukwa chake ndimawauza makasitomala anga kuti tikiti yotchipa yofika 2 koloko usiku si yotchipa ayi, onjezerani pang'ono mufike kukuwala. Malo ogona usiku woyamba akhale olipira kale ndipo mudziwe kuti mukafikako bwanji. Azibambo aja amakuthamangirani potulukira akukuwa takisi takisi adutseni ngati simukuwamva, pitani pa malo ovomerezeka a matakisi kapena itanitsani pa Uber, Bolt, Grab kumaiko ngati Thailand ndi Malaysia, kapena Careem ku Middle East. Galimoto ikafika onani nambala yake ngati ikufanana ndi ya pafoni, ndipo musafunse kuti "ndinu a uje?" chifukwa wabodza angoti eya, mufunseni kuti wabwera kudzatenga ndani atchule yekha dzina lanu. Khalani kumbuyo, yesani ngati chitseko chikutseguka m'kati musananyamuke, ndipo akati tizimitse apu tigwirizane mtengo patokha kanani, chifukwa apuyo ikazima palibenso akudziwa komwe muli.

Foni ndi moyo wanu kunjaku. Gulani simu kapena eSIM tsiku lomwelo, dawunilodani mapu a mzindawo pa Google Maps kuti azigwira olo popanda data, pawa banki ikhale m'chikwama cha m'manja (musutikesi yopita pansi pa ndege saloleza n'komwe). WhatsApp ili ndi live location, yoonetsa pomwe muli, yomwe imatha kuyenda mpaka maola 8, itumizeni kwa munthu mmodzi yemwe mukudziwa kuti amayang'anadi foni, ndipo mugwirizane kuti ndikapanda kulankhula pofika nthawi yakuti uyambe kuimba kuhotela. Koma dziwani kuti ku China WhatsApp ndi Google sizigwira mwachizolowezi, ndipo ku UAE kuimba pa WhatsApp kumavuta, nde konzekeranitu. Manambala a ngozi ndi osiyanasiyana, 112 m'maiko a European Union komanso ku India, 911 ku America ndi Canada, 999 ku UK, 10111 apolisi a ku South Africa, 110 apolisi a ku Japan. Mafoni ambiri a masiku ano mukadina batani la m'mbali kasanu mofulumira amaimba okha nambala ya ngozi, lowani mu settings muone ngati zinatsegulidwa, osadikira tsiku la tsoka.

Ndalama musaike malo amodzi, makadi akhale awiri m'malo osiyana, ndipo pakhale kandalama kobisika kokwanira takisi ndi usiku umodzi pahotela. Za ndalama n'zomwezo.

Kuhotela, wa pa risepushoni akatchula nambala ya chipinda chanu mokweza pali anthu, pemphani china mwakachetechete, hotela yodziwa ntchito imangolemba pakapepala. Wina akagogoda usiku kuti ndi wantchito wa pahotela pomwe simunaitane aliyense, imbani ku risepushoni mufunse musanatsegule. Kamphira kaja kotsekera pansi pa chitseko n'kopepuka koma kamathandiza kwabasi, makamaka m'nyumba za anthu zobwereka pa Airbnb momwe simudziwa kuti makiyi ali ndi anthu angati. Posankha malo werengani ndemanga za azimayi anzanu, amatchula zinthu zomwe azibambo saziona, monga kuti kanjira kopita kumeneko kalibe magetsi usiku. Ndipo asisi, zithunzi za pa Facebook ndi Instagram zidikire, postani mutachoka pamalopo, osati kulengeza dziko lonse kuti ndili pahotela yakuti ndekhandekha.

Kunama n'kololedwa. Munthu wachilendo akafunsa kuti muli nokha, yankho ndi ayi, amuna anga ali kuchipinda, kapena anzanga akundidikira pakona apo. Ena amavala mphete ya ukwati yabodza. Ndikudziwa pali azimayi omwe zimawanyansa kuti mpaka titchule mwamuna ndi pomwe atisiye, ndipo akunena zoona, n'zokwiyitsa, koma ine pa siteshoni ya sitima usiku sindingayambe kuphunzitsa munthu za ufulu wa amayi, ndingofuna ndifike. Pomwe pali mabogi a azimayi okhaokha, monga mu metro ya ku Delhi, Cairo, Dubai, Mexico City ndi sitima zina za ku Tokyo nthawi yodzaza, agwiritseni ntchito.

Za kavalidwe anthu amakangana kwambiri. Chovala sichigwiririra munthu, wogwiririra ndi munthu, pamenepo tisasokonezane. Koma lamulo ndi lamulo, ku Iran mzimayi aliyense olo mlendo amayenera kufunda kumutu, ndipo kwina kuvala ngati eni dziko kumangokuthandizani kuti maso asakhale pa inu. Chofunika kwambiri kuposa siketi ndi kudziwa malamulo a za mowa ndi kugonana kunja kwa banja. Mu 2013 mtsikana wa ku Norway yemwe anakadandaula kupolisi ku Dubai kuti wagwiriridwa anagamulidwa iyeyo miyezi 16, anachita kukhululukidwa dziko lonse litakuwa. UAE inasintha ena mwa malamulo amenewa mu 2020, koma maiko ena adakali nawo, nde kumalo otero imbirani embase kaye kuti mupite kupolisi muli ndi wokuimirirani.

Tsopano kapu. Si mowa wokha, juwisi kapena tiyi amathiramonso mankhwala ofoola munthu. Mwa mankhwala amenewa, GHB ilibe mtundu, kukoma kwake ndi kamchere pang'ono komwe sikamveka m'chakumwa, ndipo pakangotha mphindi zochepa miyendo imalefuka, mawa lake osakumbuka kanthu. Palinso Rohypnol ndi ketamine, ndipo ku Colombia kumatchuka scopolamine. Chakumwa chizitsegulidwa inu mukuona, mukapita kutoileti mukabwera itanitsani china, ndipo mukamva kuledzera kosagwirizana ndi zomwe mwamwa uzani wogulitsa kapena mzimayi wina nthawi yomweyo, musalole kuti amene munali nayeyo ndi amene "akuperekezeni". Mowa waulere kapena wotchipa modabwitsa nawo ndi woopsa mwa njira ina, mu November 2024 alendo 6 anamwalira atamwa mowa wokhala ndi poizoni wa methanol ku Vang Vieng m'dziko la Laos, ambiri mwa iwo anali atsikana. M'mabala ambiri a ku UK mukafunsa wogulitsa kuti Angela alipo, amadziwa kuti mukufuna thandizo, njira imeneyi inayambira ku Lincolnshire mu 2016, ngakhale si antchito onse omwe anaphunzitsidwa. Palinso chizindikiro cha dzanja chomwe bungwe la Canadian Women's Foundation linayambitsa mu 2020, kuonetsa chikhatho, kupinda chala chachikulu m'kati kenako kuchiphimba ndi zala zinazo. Ngati mwadziwana ndi munthu pa apu yopezera zibwenzi ya Tinder, kumanani pagulu masana ndipo mubwerere pa transipoti yanu.

Ambiri amandifunsa za pepper spray. Ku UK ndi chida choletsedwa, mumangidwa nacho, ndipo m'chikwama cholowa nacho mundege saloleza. Kaalamu ka m'manja kapena wezulo ndi bwino, ndipo mukamakuwa lozani munthu mmodzi, inu a malaya ofiira ndithandizeni, chifukwa gulu limangoyang'anana.

Zikachitika zoipitsitsa, mlandu si wanu, olo munamwa, olo munapita nokha kuchipinda kwake. Thamangirani kuchipatala chifukwa nthawi ndi yochepa, mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28, mapilisi oletsa mimba pangozi nawo amagwira bwino akamwedwa msanga, ena mpaka maola 72 ena mpaka 120. Ngati mungathe musasambe kaye ndipo zovala musunge m'thumba la pepala, kuti mukadzaganiza zokasuma umboni ukhalepo, ndipo ngati mukukayikira kuti anakuthirirani mankhwala pemphani akuyezeni mkodzo mwachangu poti GHB imatha m'thupi pa maola ochepa. Apa ndi pomwe inshuwalansi ya paulendo imaoneka ntchito yake. Viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, imachita kukakamiza inshuwalansi yotha kukulipirirani ma euro osachepera 30,000, koma olo komwe safunsa gulani ndithu, ndipo onetsetsani kuti ili ndi nambala yoimba usana ndi usiku, chifukwa anthu amenewo ndi omwe angakuuzeni chipatala choti mupite mumzinda womwe simukudziwamo aliyense.