Kuyamba kulandira uphungu wa zamaganizo: zimene mukakumane nazo

Anthu ambiri amafika kwa wopereka uphungu ali ndi mantha akuti akaweruzidwa, kapena akauzidwa kuti mutu wawo sukuyenda bwino. Ena amapita akuganiza kuti akangofotokoza mavuto awo, katswiriyo awauza chochita, nkhani n'kuthera pomwepo. Kawirikawiri sizikhala choncho. Uphungu ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo imagwera inuyo. Mukadziwiratu zimenezi, simudzakhumudwa msanga n'kusiya panjira.

Ofuna thandizo lotere ndi ochuluka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linanena kuti mu 2019 anthu pafupifupi 970 miliyoni, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi, anali ndi vuto la thanzi la m'maganizo, ndipo ambiri mwa iwo ankavutika ndi nkhawa kapena kukhumudwa kosatha. Koma simufunika kuchita kudwala kuti mupite. Imfa ya wokondedwa, banja limene likugwedezeka, kutha kwa ntchito, kumwa mowa kosadziletsa, kapena zoopsa zimene munakumana nazo kale, zonsezi ndi zifukwa zokwanira.

Mukaonana ndi ndani?

Wopereka uphungu komanso katswiri wa zamaganizo amathandiza pokambirana nanu, ndipo m'mayiko ambiri salemba mankhwala. Amene amalemba mankhwala ndi dokotala, makamaka dokotala wa matenda a maganizo. Ngati akuona kuti mukufunika zonse ziwiri, adzakutumizani kwa dokotalayo uku mukupitiriza kukambirana. Musachite manyazi kufunsa kuti munthuyo anaphunzira chiyani, ali ndi chilolezo chogwira ntchitoyi kapena ayi, komanso ngati anathandizapo anthu a vuto ngati lanu. Wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi mafunso amenewa.

Tsiku loyamba

Kukumana kumodzi kumatenga mphindi 45 mpaka 60, ngakhale koyamba nthawi zina kumatalikirapo. Tsiku limeneli ndi la mafunso. Funso loyamba limakhala lofanana ndi ili: "Chakubweretsani n'chiyani lero?" Ena amangoyamba kulira asanayankhe, ena amaseka chifukwa cha manyazi, ena amati, "Sindikudziwa poyambira." Onsewa ndi mayankho abwinobwino, ndipo wopereka uphungu anawamvapo kambirimbiri.

Adzafunsa za tulo, kadyedwe, ntchito kapena sukulu, anthu amene mumakhala nawo, matenda ena amene muli nawo, mankhwala amene mukumwa, ndiponso ngati mumamwa mowa kapena kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Mafunso okhudza thupi ali ndi chifukwa chake. Matenda a chithokomiro, kuchepa kwa magazi, komanso mankhwala ena, zimatha kuchititsa munthu kufooka, kugunda mtima kapena kusowa chimwemwe mofanana ndi matenda a maganizo.

Mwina adzakupatsani pepala la mafunso. Lodziwika kwambiri ndi PHQ-9, limene lili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawa: kodi mwakhala mukusowa chidwi pa zinthu zimene munkasangalala nazo, kodi mukugona bwanji, kodi mumadziona ngati wolephera. Pa funso lililonse mumasankha ngati zimenezo sizinachitike n'komwe, zinachitika masiku angapo, masiku oposa theka, kapena pafupifupi tsiku lililonse, ndipo zonse pamodzi zimapereka nambala yoyambira 0 mpaka 27. Si mayeso oti mukhoze kapena kulephera. Nambalayo imathandiza kuona kukula kwa vuto, ndipo mukadzayankhanso pakapita masabata angapo, muone nokha ngati zinthu zikusintha.

Funso lomaliza papepalalo limakhudza maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza, ndipo ngakhale pasakhale pepala, wopereka uphungu adzafunsabe mosapita m'mbali. Anthu ena amadzidzimuka nalo. Amafunsa aliyense, ndipo kufunsa sikuika maganizo amenewa m'mutu mwa munthu. Yankhani zoona. Kukhala ndi maganizo otere sikutanthauza kuti akutsekerani m'chipatala nthawi yomweyo. Nthawi zambiri mumakambirana zoti muchite maganizowo akakula, munthu woti mumuimbire foni, ndi zinthu zoopsa zoti muchotse pafupi nanu.

Simukakamizidwa kuulula zonse tsiku limodzi. Mukhoza kunena kuti, "Nkhani imeneyo ilipo, koma sindinakonzeke kuikamba." Ndi bwinonso kulemberatu mfundo ziwiri kapena zitatu papepala musanapite, chifukwa munthu akakhala pampando uja zinthu zimathawa m'mutu.

Za chinsinsi

Zimene mwakambirana sizituluka m'chipindamo popanda chilolezo chanu. Mwamuna kapena mkazi wanu, makolo, ngakhale abwana anu akuntchito, sauzidwa. Koma chinsinsichi chili ndi malire, ndipo wopereka uphungu ayenera kukufotokozerani musanayambe. Angathe kudziwitsa ena ngati moyo wanu uli pangozi yeniyeni, ngati mukufuna kuvulaza munthu wina, ngati mwana kapena munthu wosatha kudziteteza akuchitiridwa nkhanza, kapena ngati khoti lalamula. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, makamaka pa ana osakwana zaka 18, choncho funsani. Funsaninso kuti zimene akulemba zimasungidwa kuti ndipo amaziona ndani. Ngati mukukambirana pafoni kapena pa intaneti, chinsinsi china chili m'manja mwanu: pezani malo amene wina sakumvetsera.

Masabata otsatira

Apa ndi pamene ambiri amadabwa. Mungafunse kuti, "Ndiye ndichoke m'banjamo kapena ndikhale?" iye n'kukubwezerani funso: "Mukaganiza zokhala, mumamva bwanji? Nanga mukaganiza zochoka?" Zimakwiyitsa ndithu, koma si ulesi. Amene adzakhale ndi zotsatira za chisankhocho ndi inu. Carl Rogers, katswiri wa ku America amene anafalitsa njira imeneyi m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ankaphunzitsa kuti munthu amasintha akamamvetseredwa moona mtima popanda kuweruzidwa. Nthawi zina mudzakhala chete nonse awiri. Musavutike kudzaza mpatawo. Zinthu zofunika zimatulukira pa nthawi ngati imeneyi.

Njira zothandizira zilipo zingapo. Imodzi mwa zofala kwambiri ndi CBT (Cognitive Behavioural Therapy), imene Aaron Beck, dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1960. Imayang'ana mmene maganizo, zimene munthu akumva mumtima ndi zochita zake zimakokerana. Tiyerekeze kuti mwatumiza uthenga kwa mnzanu ndipo tsiku latha osayankha. Ganizo limabwera lokha: "Watopa nane, palibe amandifuna." Mtima umalemera, mumazimitsa foni, mumakana kutuluka m'nyumba, ndipo kusungulumwako kumaoneka ngati kwatsimikizira ganizo lija. Wopereka uphungu adzakupemphani kulemba zimene zinachitika, ganizo limene linabwera, umboni wolivomereza ndi umboni wolitsutsa. Kenako mudzayesa kanthu kakang'ono, monga kumuimbira mnzanuyo. Ntchito yokachitira kunyumba imeneyi anthu amainyozera, koma kunena zoona, kusintha kwambiri kumachitika m'masiku 6 amene simuli m'chipinda muja.

CBT imatenga maulendo apakati pa 5 ndi 20, kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Njira ina yaifupi ya World Health Organization, yotchedwa Problem Management Plus, imatha m'maulendo 5. Mavuto ozika mizu, monga nkhanza zimene munthu anachitiridwa ali mwana, amafuna nthawi yotalikirapo.

Dziwaninso kuti mungamve kuwawa kwambiri poyamba. Bala limene linangomangidwa osatsukidwa limapweteka tsiku lolitsuka. Mungatuluke mutatopa, mutu ukuwawa, kapena kulota zinthu zakale. Ngati n'kotheka, musaike ntchito yolemetsa mukangotuluka. Koma kuwawako kukamakula sabata ndi sabata, mpaka kulephera kugona kapena kugwira ntchito, nenani kuti achepetse liwiro. Ndipo maganizo odzipha akafika pokonza njira, musadikire tsiku lokumana: pitani kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, ndipo uzani munthu amene mumamukhulupirira kuti akuperekezeni. Ngati mukumwa mankhwala a matenda a maganizo, musasiye nokha chifukwa choti mwayamba uphungu. Kusiya mwadzidzidzi kumatha kubweretsa chizungulire, kusowa tulo ndi kubwerera kwa matenda.

Mukaona kuti simukumvana

Kafukufuku wa zaka zambiri amasonyeza kuti kumvana kwa inu ndi wokuthandizani ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimachititsa kuti uphungu uphule kanthu. Mupatseni maulendo atatu kapena anayi. Ngati mukuonabe kuti sakukumvetsani, muuzeni poyera, chifukwa kukambirana kotereku nthawi zina n'kumene kumakonza zinthu. Zikakanika, pemphani kuti akutumizeni kwa wina, ndi ufulu wanu.

Pali zina zosafunika kuzipirira ngakhale kamodzi. Wopereka uphungu sayenera kukufunsirani kapena kukugwirani mosayenera, kukubwerekani ndalama, kukunyozani, kukukakamizani chikhulupiriro chake, kapena kuulula nkhani zanu kwa ena popanda chifukwa chovomerezeka. Zikachitika, siyani kupitako ndipo kadandauleni kwa oyang'anira malowo kapena ku bungwe limene limapereka zilolezo za ntchitoyi.

Pomaliza maulendo anu

Musangosowa osatsanzika mukayamba kupeza bwino. Nthawi zambiri maulendo amayamba kutalikirana, kuchoka pa sabata iliyonse kufika pa kamodzi pamwezi. Pa kukumana komaliza mumalemba limodzi zizindikiro zosonyeza kuti vuto likubwerera, monga kuyambanso kudzitsekera m'chipinda kapena kudzuka pakati pa usiku osagonanso, njira zimene zinakuthandizani, ndi kumene mungapite zikavuta. Funsani ngati mungabwerenso kwa munthu yemweyo, ndiponso kuti mudzatsate njira yanji pofuna kubwerera.